Mabuku a Tepi Yofiira

“Ine mutandimanga nsalu m’maso, n’kundizunguza mpaka chizungulire, ndikhoza kukulozerani buku lililonse pamene lili m’laibulale muno. Ndimaidziwa kuposa kuchipinda kwanga.”

Ankanena zimenezi ndi a Tcheya, wapampando wa bodi yoyang’anira laibulale ya anthu onse. Ankauza mlonda, chifukwa pakhomo lakumbuyo panalibenso wina woti amve. Dokotala wa mano, amene anthu ankangomutchula kuti Zula, anamva mawuwo akukhoma galimoto yake. Sanatsutse. Anali atakhala membala wa bodiyo zaka zingapo, koma sankakumbukira tsiku limene anawaona a Tcheya atatsegula buku, kupatula la alendo, limene ankasainamo ndi cholembera chawochawo. Ndipo bodi inkakumana Loweruka masana, laibulale itatsekedwa, n’kumalowera kuseri. Munthu wowerenga, wamoyo, atakhala pampando, mamembalawo ankangomumva m’malipoti.

Ntchito ya bodi inali yosavuta kuinena: kukhazikitsa malamulo, kukapempha thandizo kukhonsolo, kulemba ntchito woyang’anira laibulale, kenako n’kumusiya agwire ntchito yakeyo. Mbali yomalizayi ndi imene inkawasowetsa tulo a Tcheya. Kubanki anapuma kalekale, koma chala chawo cholozera chinali chisanamve kuti anapuma.

Loweruka limenelo mayi a laibulale kunalibe. Anali kuchipatala, kudwazika bambo awo. Pamsonkhano panabwera a Tcheya, Zula ndi Msungichuma, mayi wogulitsa nsalu amene ankavomereza chilichonse bola msonkhano uthe msanga. Anakhala monga mwa masiku onse, pakona ya ana, pa timipando tobiriwira, mawondo atatsala pang’ono kugunda chibwano.

“Anzanga,” anatero a Tcheya akudzikonza pa kampando, “bodi yolemekezeka singamakhale ngati ikudikira katemera. Ndapeza munthu wogula mapepala akale. Ali ndi tebulo, tebulo lenileni, lochokera ku ofesi ina imene inatsekedwa. Akuti timupatse mabuku akufa, iye atipatse tebulo. Malo tipeza, tebulo tipeza, khonsolo siitulutsa kanthu.”

“Nanga buku lakufa timalidziwa bwanji?” anafunsa Zula.

A Tcheya anamwetulira ngati munthu amene wakhala akudikira funso limenelo kuyambira m’mawa. Anatola buku la nthano, nalitsegula kumapeto. Pachikuto chakumbuyo panali kapepala kodzaza ndi madeti a chidindo, ena okwerana.

“Munthu akabwereka, amadinda apa. Buku lodindidwa ndi lamoyo. Lopanda chidindo palibe analikhudzapo. Kubanki akaunti yotero tinkaitseka osafunsa.”

“Komatu tikanadikira mayi aja,” anatero Zula, motsitsa.

“Mayi aja amatigwirira ntchito ife, adokotala. Si ife timawagwirira iwo. Tiwapeputsire katundu, ali ndi matenda.”

Msungichuma anayang’ana wotchi n’kukweza dzanja. Zula anakwezanso lake, mwatheka, ngati wofuna kungokanda khutu.

Anayamba kuyendera mashelefu. Mabuku a nthano za chikondi anali odindidwa mpaka kapepala kung’ambika. A ulimi, a zophika, a ana, onse amoyo. A Tcheya anayamba kutuluka thukuta, poona kuti tebulo likuwathawa. Kenako anafika kukhoma la pawindo. Kumeneko kunali zimabuku zonenepa, zoti kunyamula limodzi umayamba wapuma: madikishonale, mabuku a malamulo, a mapu, a mankhwala, a mainjini, mipukutu ya mafunso a mayeso akale. Lililonse linali ndi tepi yofiira pamsana. Kale pamwamba pake panali chikwangwani, koma chinachotsedwa kuti papachikidwe chithunzi cha bodi.

A Tcheya anatsegula loyamba. Chidindo panalibe. Lachiwiri, ngakhale kapepala komwe panalibe. Lachitatu chimodzimodzi.

“Mwaona? Manda enieni! Ndipo taonani chofiirachi. Mayi aja anawadziwa kale kuti ndi otaya, anachita kuwaika chizindikiro. Kumangoopa kuuza bodi.”

Zula ananyamula limodzi, la thupi la munthu. M’mphepete mwa masamba munali mwakuda, mapepala ofewa ngati nsalu yochapidwachapidwa.

“Koma likuoneka lotha ndithu.”

“Chinyontho chimenecho.”

Zula anagwira thumba, a Tcheya n’kumaponyamo, Msungichuma n’kumamanga. Lole itafika, wogula mapepala ndi anthu ake anakweza matumba, natsitsa tebulo lalitali, lakuda, lonunkhira polishi. Analiika pamene panali mabuku aja, pansi pa chithunzi. Atatuwo anakhalapo pang’ono. Zula anavomereza mumtima kuti msana wake unasangalala.

Lolemba m’mawa, akutsuka m’manja atangozula dzino, foni inalira. Anali Msungichuma.

“Adokotala, siyani zonse. Kuno kwaipa.”

Aka kanali koyamba kuti Zula alowere khomo lakutsogolo laibulale ili yotsegula. Anaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Munali anthu! Odzaza! Atsikana ovala yunifolomu ya sukulu ya unamwino, makaniko wa ovolosi ya girisi, bambo wachikulire wa jekete lothothoka atakumbatira envelopu, amayi, anyamata a ndevu. Onse anazungulira tebulo lija, chete, monga anthu amaimira pozungulira bokosi la maliro. Pakati pawo panali mayi a laibulale, chikwama chidakali paphewa, akuyang’ana mashelefu opanda kanthu.

Zula anayandikira mtsikana wina wa yunifolomu.

“Chemwali, kwagwanji?”

“Mabuku a tepi yofiira asowa onse, bambo. Mayeso athu ndi mwezi uno.”

“Kodi... amawerengedwa amene aja?”

Mtsikanayo anamuyang’ana ngati wafunsa ngati madzi amamwedwa.

“Amene aja satuluka, bambo. Sabwereketsa. Ndi owerengera pompano, kuti aliyense awapeze. Timachita kulawirira, kulimbirana. La thupi la munthu lija timaliwerenga anthu anayi nthawi imodzi, wina chozondoka.”

Zula anagwira tebulo, n’kulisiya msanga ngati lamuwotcha. Buku losatuluka lidindidwa bwanji? Iwo, ndi manja awo, anasankha bwinobwino mabuku owerengedwa kwambiri m’nyumba yonse, osasiyako ndi limodzi lomwe.

A Tcheya analowa atavala suti, kumbuyo kwawo kuli bwana wina wa kukhonsolo amene anamva phokosolo. Makaniko ndi amene anawafotokozera za tepi yofiira, mosasankha mawu. Zula anaona nkhope ya a Tcheya ikumvetsa. Inatuwa, inagwa, kenako inadzitolera n’kuuma gwa.

“Makiyi a nyumba ino amasunga ndani?” anafunsa mokweza.

“Ndine, bambo,” anayankha mayi a laibulale. “Koma ine ndinali kuchipatala. Nanga tebulo ili lachokera kuti?”

“Tebulo ndi mphatso ya munthu wakufuna kwabwino, musasokoneze nkhani. Katundu wa anthu wasowa m’manja mwanu. Mabuku alibe miyendo.”

“Mukuti ndaba?”

“Amene amasowetsa katundu wa eni, dzina lake n’limodzi, mayi. Wakuba. Bweretsani makiyi. Bodi ikumana Loweruka kuti ione za ntchito yanu.”

Mlonda anapeza chochita ndi chingwe cha nsapato yake. Msungichuma anayang’ana wotchi. Zula anatsegula pakamwa, koma lilime linachita dzanzi ngati wadzibaya yekha jakisoni. Mayi aja anapisa m’chikwama, natulutsa makiyi omangidwa pa kansalu, nawaika m’dzanja la a Tcheya. Sanalire. Anangoyang’ana mamembala a bodi mmodzimmodzi, ndipo pa Zula maso awo anakhalitsa pang’ono, popeza ndi iye amene ankawapatsa moni mwaulemu. Kenako anatuluka.

Zula ankadziwa chimene chitsatire. Ntchito kutha ndi kwina, koma dzina la wakuba, lotchulidwa pamaso pa bwana wa kukhonsolo, likanawatsekera mayiwo khomo lililonse, ali ndi bambo ogona m’chipatala.

Madzulo anafika kunyumba n’kupeza akazi ake kukhitchini, akumasula zogula kumsika.

“Abambo, bwerani muone. Ndagula tomato, andipatsa mano aulere.”

Pepala lokulungira tomato linali losalala, la mitundu. Panali chithunzi cha nsagwada ya munthu, mano onse atalembedwa mayina, njere za tomato zitamatirira pa nkhama. M’munsi munali chidindo cha laibulale.

Zula anakhala pansi, pa mpando umene unalipo mwamwayi.

“Msika wonse ndi zomwezi,” anapitiriza mayiwo. “Wa anyezi akukulungira malamulo. Wa sopo ali ndi mapu, anandipatsa dziko lonse lathunthu. Akuti wakuba ndi mayi a laibulale. Ine ndakana, ndati mayi aja? Amene anawathamangira alamu anu mpaka pasiteji kukawabwezera ambulera?” Anasiya kuyankhula, namuyang’anitsitsa. “Inu, mwatani? Nkhope imeneyo ndimaidziwa.”

Anawauza zonse, kuyambira pa timipando.

“Mayo ine! Ndiye inu munali pomwepo?”

“Ndinangogwira thumba.”

“Nanga lero, akuwanena wakuba, munagwira chiyani?”

Zula anayamba kuchotsa njere za tomato papepala lija.

“Tsiku lonse mumakhalira kuuza anthu kuti yasamulani, yasamulani. Kukamwa kwanu kokha ndiye kunakanika. Chotsani pepalalo, musalitaye, ndi la eni.”

M’mawa mwake anaimika odwala onse n’kupita kumalo a wogula mapepala, kuseri kwa magalaji. Unali mpanda wa malata, m’kati muli milu ya makatoni, mabotolo ndi zitsulo, pakati pali sikelo yaikulu yopachika pamtengo. Atangolowa anapondera chinthu chofewa. Chinali chikuto cha dikishonale, tepi yofiira ikadali pamsana. Kutsogolo kwake kunali mulu wa zikuto zokhazokha, zong’ambidwa ngati nkhuku zososoledwa nthenga, ndipo pambali amayi awiri atakhala pamakatoni ankathothola masamba n’kumawamanga m’mitolo, akucheza za ukwati wa winawake.

“Imani! Chonde, amayi, imani!”

Wogula mapepala anatuluka m’kashedi akupukuta m’manja.

“Ah, bwana a thumba aja! Mwabweretsa ena? Katundu wanu ndi wabwino, achimwene. Pepala la dikishonale n’lopyapyala, lolimba, silidutsa mafuta. Ogulitsa kumsika akulimbirana.”

“Amenewo ndi mabuku amene anthu amawerenga tsiku lililonse.”

“Nanenso ndinadabwa. Ndinati anthu ophunzira akutaya zoterezi, kapena kwabwera zatsopano? Koma munthu wa suti akakuuza kuti ndi zinyalala, iwe wa sikelo ungatsutse?”

Anakambirana ataimirira. Munthuyo sanali wovuta. Anati zimene zapita kumsika zapita, sangazitsatire m’madengu a anthu. Zotsala atenge, koma tebulo libwerere, ndipo adzalitenga yekha ndi lole yake mawa m’mawa, popeza wina analifunsapo kale. Zula anadzaza galimoto mpaka inakhalira kumbuyo: mabuku athunthu ochepa, ambiri opanda zikuto, mitolo ya masamba, ndi zikuto zimene sankadziwa eni ake. La thupi la munthu analipeza litayambira pa chifuwa. Mutu wonse unali kumsika.

Masana a tsiku lomwelo a Tcheya anabwera okha kuchipatala cha mano. Sanadikire pamzere.

“Adokotala, ndabwera kuti Loweruka tikayankhule chimodzi. Bodi ikagawanika, ulemu wake watha. Mayi aja tiwalembera kalata yabwino, azipita mwamtendere.” Anagwira tsaya. “Ndipo poti ndafika, mungondionerako dzino ili. Kuyambira Lolemba likundibaya.”

“Khalani apa, a Tcheya.”

Anawagoneka chagada, nawamanga kansalu pakhosi, nawayatsira nyali kumaso. Anawaika thonje mbali iyi, thonje mbali iyo, kagalasi pa lilime, ndi kapaipi koyamwa malovu. Pa zaka zonse za bodi, aka kanali koyamba kuti Zula apatsidwe mpata woyankhula.

“Dzinoli lilibe vuto lalikulu, mukumalikukuta kutulo. Musatseke. Ndinapita kwa wogula mapepala uja.”

“Aaa?”

“Mabuku amene atsala ali m’galimoto mwanga. Mawa m’mawa akubwera kudzatenga tebulo lake. Mukumudziwa, sayankhula monong’ona. Ine wandilonjera kuti bwana a thumba. Inu sindikudziwa akakulonjerani kuti chiyani, koma pakhonde padzakhala anthu, poti chitengereni makiyi laibulale sinatsegulidwe.”

A Tcheya anayesa kudzuka. Zula anatsitsa mpando pang’ono.

“Yasamulani. Ife anatiika pa bodi kuti tisunge nyumba ija m’malo mwa anthu aja, amene sitinkawadziwa n’komwe nkhope. Kusankha buku lotaya si ntchito yathu, ndi ya mayi aja. Yathu inali kuwafunsa, ndipo pa tsiku ngati Lolemba, kuwaimira kumbuyo. Tinalephera zonse ziwiri. Ine mawa ndikanena kuti ndinagwira thumba. Anthu akafunsa kuti ankaponyamo ndani.”

“Oo i a-a-o-e!”

“Mukuti bodi ichita manyazi? Yachita kale, akukulungira tomato. Chatsala n’choti mudzinenere nokha, kapena akunenereni wa lole. Lavulani.”

A Tcheya analavula. Anakhala nthawi akuyang’ana m’kabeseni, madzi akuzungulira.

“Ndikayankhula ndine,” anatero pomaliza, mawu atachepa. “Monga wapampando.”

“Mukayankhula ndinu.”

Kwa mayi a laibulale kunapita akazi ake a Zula, chifukwa iye anati alibe nkhope yogogodera pakhomo limenelo. Anabwerako ndi yankho lalifupi: abwera, koma osati kuseri.

M’mawa pakhonde la laibulale panali podzaza. Atsikana a unamwino analipo, makaniko analipo, bambo wa envelopu analipo, bwana wa kukhonsolo anaima pamthunzi. Msungichuma anabwera atavala magalasi akuda. Zula anatsegula buti ya galimoto yake, anthu n’kuunjikana. Wina anakuwa. Mtsikana uja anatola buku loyambira pa chifuwa, naliyang’ana uku ndi uku, n’kuyamba kulira mosabisa.

“Awa ndi mabuku anu,” anatero Zula. “Sanabedwe. Tinawataya ndife a bodi, Loweruka, mayi awa kulibe. Ine ndinagwira thumba.”

“Atate wanga!” anatero bambo wa envelopu. “Adokotala enieni?”

Lole inalowa chobwerera, wogula mapepala atatulutsa mutu pawindo. “Bwana wamkulu! Tebulo lija mwalimva kukoma?”

A Tcheya anakwera sitepe yapamwamba, nakhosomola, nakonza tayi.

“Anthu olemekezeka, mbiri ya malaibulale padziko lapansi ndi yaitali. Ndipo m’kayendetsedwe ka bungwe lililonse, pamakhala nthawi imene kusamvetsetsana kwa mbali zosiyanasiyana...”

“Bambo.” Anali mayi a laibulale. Anaima m’munsi mwa masitepe, chikwama paphewa, maso ofiira ndi tulo ta pabenchi ya chipatala. Sanakweze mawu. “Mbiriyo muisunge. Lolemba munandipatsa dzina pamaso pa anthu awa. Bambo anga alimva ali pabedi, anawauza ndi wodwala mnzawo. Ndabwera kuti mulichotse pamene munaliika.”

“Mayi, bodi ikudandaula kwambiri kuti...”

“Si bodi inanditchula. Ndinu.”

Pakhonde panangomveka injini ya lole. Makaniko anapita kukauza dalaivala kuti aizimitse.

A Tcheya anayang’ana Zula. Zula anayang’ana m’buti. A Tcheya anayang’ana bwana wa kukhonsolo, amene anali atapinda manja ngati munthu woti sachoka msanga.

“Simunabe,” anatero.

“Kumbuyo kuno sitikumva!” anakuwa bambo wa envelopu, amene anali kutsogolo kwenikweni.

“Mayi awa sanabe! Mabuku ndinaponya m’thumba ndine, ndi manja angawa. Ndinawanamizira. Mayi, pepani.”

Anapisa m’thumba la jekete, natulutsa makiyi a pakansalu aja. Anayamba kuwapereka ali pamwamba pomwepo, koma mayiwo sanatambasule dzanja. A Tcheya anatsika sitepe imodzi, kenako ina, mpaka anafika pansi, nawapereka ndi manja awiri.

Mayi a laibulale anawalandira, nakwera, natsegula chitseko mbali zonse ziwiri kuti tebulo lipeze potulukira.

“Amene ali ndi manja anyamule mabuku, mosamala, masamba asauluke,” anatero. “A bodi mukhale kaye panja. Ndikakufunani ndikuitanani.”